Mlongo wanga wagona m'chitokosi kuyambira Lachisanu mpaka Lachitatu popanda mlandu. Kodi malamulo amalola zimenezi?

Nachisale wa Usipa

Moni nonse. Ndili ndi funso, ndipo chonde ayankhe odziwa malamulo. Oti "zisiyeni m'manja mwa Mulungu" andikwana kale kunyumba kuno.

Ine ndimachita geni ya usipa kuno ku Salima. Ndimapikula kugombe cha ku Senga Bay, kuyanika pathandala, n'kukagulitsa ku Kamuzu Road, mwina kukweza wa ku Lilongwe ukachuluka. Odziwa ntchitoyi akudziwa kuti usipa sudikira dzuwa. Alovi, asodzi aganyu, amalowa ndi nyali usiku, maboti amayamba kukocheza kusanache, ndipo ukafika kutayera umapeza anzako agawana kale. Amene amandinyamula ndi mlongo wanga wamng'ono, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya bwana wake.

M'bandakucha wa Lachisanu, cha m'ma 3 koloko, akubwera kudzanditenga, anakumana ndi apolisi ali pa chipikisheni. Sinditchula kuti ndi a polisi iti. Mapepala a njinga anali nawo m'thumba, chipewa chili kumutu, koma sanamufunse n'komwe zimenezo. Atati afotokoze anangoti "ukanena kutsogolo." M'galimoto anapezamo mlonda wina wochokera kuntchito, amayi awiri, ndi mnyamata amene ananyamula mkeka wake akuchokera kumaliro. Kutsogoloko palibe anamufunsa kanthu kupatula dzina ndi mudzi. Foni anamulanda, n'kumuuza kuti aitsegule, n'kumawerenga mauthenga ake akuseka.

Ine ndinkapita ndi chakudya tsiku ndi tsiku. Wina anandikokera pambali n'kunena kuti pakhale kangachepe ka belo. Ndalama yanga yonse inali pathandala, ndinalibe. Anamutulutsa Lachitatu masana, kukhothi sanapiteko, pepala lililonse sanapatsidwe, anangoti "usadzayendenso usiku." Njinga anabweza, foni akuti tidzabwerenso. Bwana wake wamudula ndalama za masiku onsewo.

Ndiye ndifunse: kodi pali lamulo loletsa munthu kuyenda usiku m'dziko lake lomwe? Nanga munthu angasungidwe mpaka liti osaonana ndi majisitireti? Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri ndi cha foni chija. Muli mauthenga a iye ndi mkazi wake mmenemo.

Rasta wa pa Siteji

Asisi, ife a kabaza izi ndi nsima ya tsiku ndi tsiku. Ingothokozani kuti njinga yabwera ili ndi mawilo onse. Mukalimbana nawo, mawa mlongo wanuyo sadutsa pa rodibuloko iliyonse osaimitsidwa.

Mai a Tadala

Mayi Nachisale, pepani. Ine si loya, koma ndinagwirako ntchito yothandiza anthu osungidwa m'zitokosi ndi m'ndende kumvetsa milandu yawo, ndiye nkhani ngati yanuyi ndaifotokozapo kambirimbiri.

Lamulo loletsa kuyenda usiku kulibe. Gawo 39 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu woyenda m'dziko muno, ndipo silinena kuti ufuluwo umalowa ndi dzuwa. Chimene timachitcha vakabu chinachokera m'gawo 184 la Penal Code, lamulo limene anatisiyira atsamunda. Ndime yake ina inkalola kumanga munthu wopezeka pamsewu pa nthawi yoti wapolisi angoganiza kuti ameneyu akufuna kuchita zoipa. Mu Malichi 2015 anamanga nayo Mayeso Gwanda wa ku Blantyre, wogulitsa majumbo, cha m'ma 4 koloko m'mawa akupita ku Limbe kukayamba geni yake. Mwaona kufanana kwake ndi mlongo wanu? Iye sanavomere mlandu kuti angolipira faindi n'kumapita monga amachitira ambiri. Nkhani inakafika ku Khothi Lalikulu, ndipo pa 10 Januwale 2017 majaji atatu anagamula kuti ndime imeneyo, 184(1)(c), ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, choncho ndi yopanda mphamvu. Mu 2022 Khothi Lalikulu ku Zomba linaweruzanso nkhani ya anthu amene anatoleredwa usiku ku Kasungu, n'kunena kuti kusesa anthu mwachisawawa, osawauza chimene alakwa, n'kosaloledwa. Wapolisi akafuna kumanga munthu popanda kalata ya khothi ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka chokayikira munthu ameneyo pa mlandu wodziwika. Kupezeka panja 3 koloko si mlandu.

Za nthawi zili m'gawo 42. Womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake, m'chilankhulo chimene amamva. "Ukanena kutsogolo" si chifukwa. Auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Kenako apititsidwe kukhothi pasanathe maola 48. Pano mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu amanamizidwa: maola 48 akathera pa tsiku loti khothi silikugwira ntchito, munthuyo apite tsiku loyamba limene khothi latsegula. Mlongo wanu anagwidwa Lachisanu m'bandakucha, maola ake anatha Lamulungu m'bandakucha, ndiye Lolemba anayenera kuonekera pamaso pa majisitireti, apo ayi kumasulidwa. Lachiwiri ndi Lachitatu lija palibe lamulo limene lingawaikire kumbuyo. Ndipotu maola 48 si mphatso yoti wapolisi adye mpaka ithe. Gawolo limati msanga mmene kungathekere.

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Amene anakukokerani pambali uja amapempha ziphuphu, dzina lake ndi limenelo.

Foni ili m'gawo 21, lonena za chinsinsi cha munthu. Limatchula kusechedwa, kulandidwa katundu, komanso kulowerera mauthenga a munthu, a pafoni omwe. Munthu akamangidwa movomerezeka apolisi atha kumusecha ndi kumusungira katundu, koma azilemba m'buku. Amene watulutsidwa popanda mlandu foni yake ikutsalira chiyani?

Lembani kalata kwa mkulu wa polisiyo, mutchule tsiku ndi nthawi imene anagwidwa ndi imene anatuluka, mtundu wa foni, ndipo musunge kope yanu. Zikakanika, kuli Independent Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti izimva madandaulo otere, kuli Malawi Human Rights Commission, kulinso Legal Aid Bureau ngati mukufuna loya wosalipira kuti mukapemphe chipukuta misozi. Mlonda uja ndi mnyamata wa mkeka uja afufuzeni akadali pafupi. Ndi mboni.

Bambo Phiri a ku Khombedza

Inu Mai a Tadala mwalemba bwino, koma mwalemba ngati munthu wogona m'nyumba ya mpanda. Bwerani kuno mudzaone.

Chaka chatha anandibera mbuzi m'khola usiku. Achitetezo cha m'mudzi anamugwira mnyamata wake ali ndi chikopa, tinamupereka bwinobwino osamumenya. Sabata isanathe ndinamupeza pa thiredingi akumwa, akuti watuluka pa belo, n'kundipatsa moni wonyoza. Ndiye mukamati gawo 42, ine ndimamva kuti gawo la akuba. Chipikisheni chimene mukudandaula nacho timapempha ndife tomwe pamisonkhano. Ndipo Mayi Nachisale musaiwale, amene akukhapidwa usiku n'kulandidwa njinga ndi a kabaza omwewo. Apolisi akakhala pansi mumati sagwira ntchito, akayenda mumati aphwanya ufulu. Atani?

Taonani ku chilumba cha Mbenji, m'boma mwathu momwe muno. A mfumu Makanjira akatseka chilumbachi mu Disembala, palibe amapita ndi ukonde wa chilimira n'kumati ufulu wanga. Chimatsegulidwa mu Epulo, utaka uli mbwee. Mowa kulibe, njuga kulibe, wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Magombe ena amene aliyense amachita zofuna zake, mpaka kukokera masikito neti m'madzi, chambo chinapita kuti? Ufulu wopanda mwini wake ndi umene wationonga. Nthawi ya Kamuzu munthu unkagona chitseko chili pululu.

Aphunzitsi Opuma, Nkhotakota

A Phiri, za mbuzi zanu pepani, ndipo sindikuchepetsa. Koma pa za nthawi ya Kamuzu mundilole, ndinalipo, ndinali kale ndi choko m'manja.

Chitseko chinkagona pululu, inde. Koma pamsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, basi sunkakwera, ndipo amene ankakuimitsa anali ayufi, ana oti ukanatha kuwaphunzitsa Sitandade 5. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana khadi lomwelo. Lamulo la Forfeiture la 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda iye kukadziteteza kukhothi. Kuyambira 1973 mayi sankavala thalauzi kapena siketi yaifupi, mwa lamulo. Kundende ya Mikuyu anthu ankakhala zaka osazengedwa mlandu. Mu 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, ife n'kuuzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anaweruzidwa kukhothi la mafumu kumene loya sankaloledwa, n'kufera kundende ya Zomba mu 1992. Zonsezi chifukwa chake chinkanenedwa chimodzi: bata ndi mtendere. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ife a chigawo chapakati ambiri tinaponyera tambala wa chipani chimodzi, zimenezo sitingabise, koma dziko lonse linasankha nyali ya zipani zambiri. Amene analemba malamulo a 1994 ankalemba akukumbukira Mikuyu. Maola 48 aja sanagwe kumwamba.

Tsono chimene ndikufuna Mayi Nachisale amve ndi ichi. Inu mwafunsa ngati pali lamulo loletsa mlongo wanu kuyenda usiku. Funso limenelo silili kwa inu. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a m'dziko muno, kuti amene akuzigwiritsa ntchito anangosungitsidwa, ndipo azichita zokhazo zimene lamulo lawapatsa. Zili ngati mlovi ndi chilimira: amachiponya m'madzi, amachikoka, koma si chake, ndipo sangakachigwiritse ntchito imene mwini sanamutume. Choncho mzika imachita chilichonse chimene lamulo silinaletse, pamene wa boma amachita chokhacho chimene lamulo lamuloleza. Pamsewu paja woyenera kuonetsa lamulo anali wa yunifolomu, osati wa njinga. Ife tinazolowera kuzitembenuza. Munthu akavala yunifolomu timayamba ndife kupepesa tisanadziwe n'komwe chimene talakwa.

Gawo 5 limapitiriza kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi malamulo akuluwa n'chopanda mphamvu. Si za wapolisi wa pamsewu yekha. A Bakili Muluzi anafuna kuchotsa malire a materemu awiri, Nyumba ya Malamulo inakana mu Julaye 2002. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Ndipo inu a geni mukukumbukira Epulo 2020, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19 popanda kunena kuti wodya za tsiku lomwelo adya chiyani. Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi. Matendawo anali enieni, cholinga cha boma sichinali choipa, komabe khothi linati cholinga chabwino sichikupatsa mphamvu imene lamulo silinakupatse.

Tibwere ku Mbenji, chifukwa chitsanzo chanu a Phiri n'chabwino kuposa mmene mukuganizira. Malamulo athu sanena kuti ufulu ulibe malire. Gawo 44 limalola kuuchepetsa, koma pakhale lamulo lolembedwa, likhale lomveka, logwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zimene mayiko amavomereza, lofunikadi m'dziko la demokalase, ndipo likhudze onse mofanana. Msodzi wa ku Mbenji amadziwiratu mwezi wotseka ndi wotsegula. Amadziwa chifukwa chake, kuti nsomba ziswane. Lamulolo silisankha wolemera kapena wosauka, ndipo amene walangidwa ndi amene waphwanya, osati aliyense wopezeka pafupi ndi nyanja. Tsono yerekezani ndi chipikisheni. Ola loletsedwa ndi liti? Analengeza ndani? Wa Prado wodutsa 3 koloko yomweyo amamukweza m'galimoto muja? Amene amatoleredwa ndi woyenda pansi, wa njinga, mlonda, mayi wa geni. Ngati apolisi akufuna okhapa a kabaza, afufuze okhapawo. Kugoneka wa kabaza m'chitokosi mpaka Lachitatu sikunagwire chigawenga ngakhale chimodzi.

Nachisale wa Usipa

Zikomo Mai a Tadala, zikomo aphunzitsi. Za Lolemba zija ndawerengera mlongo wanga, wangoti kukamwa yasa, chifukwa mkatimo anauzidwa kuti Loweruka ndi Lamulungu siziwerengedwa, ndiye maola ake ayambira Lolemba. Ngakhale tiwerenge mwa iwowo, Lachitatu masana anali atapitirira kale.

A Phiri, ine okhapa ndimawaopa kuposa inu, amene amakwera njinga imeneyo usiku ndine. Apolisi aziyenda, ndikufuna aziyenda. Akanamuimitsa, kuona mapepala, kumufunsa kumene akupita, ngakhale kundiimbira foni ine kuti atsimikize, bwenzi ndikuwaphikira tiyi. Koma za Mbenji musandiuze zambiri, ife akazi sitiponda pachilumba paja, timadikira kumtunda kuti amuna atigulitse. Limenelo aphunzitsi mudzatiuze tsiku lina ngati likukhoza mayeso anu a gawo 44.

Rasta, mantha ako ndawamva, ndipo mlongo wanga akunena zomwezo. Kalata ndilemba m'dzina langa ngati iye akuopa. Kodi zimatheka, Mai a Tadala?

Mai a Tadala

Dandaulo mutha kukapereka inu ngati m'bale wake, makamaka pa za kangachepe zija poti anapempha inuyo. Koma foni ndi yake, ndipo mlandu wa chipukuta misozi mwini wake ndi iye, adzayenera kusaina ndi kulankhula yekha. Mufotokozereni kuti mawu a pakamwa amakanidwa mosavuta kusiyana ndi kalata imene ili ndi deti ndi chidindo chosonyeza kuti yalandiridwa. Pokapereka musapite nokha.

A Phiri, nkhani yanu sindinaithawe. Belo si kuwina mlandu. Gawo 42 lomwelo limati munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, ndipo khothi limayang'ana ngati angathawe, ngati angaopseze mboni, kapena kusokoneza umboni. Moni wonyoza uja mukanakauza wapolisi woimira boma pamlanduwo, chifukwa woopseza mboni belo yake itha kulandidwa. Chimene ndinkaona kawirikawiri n'chakuti mwini katundu akaona wakuba ali kunja amataya mtima, tsiku la mlandu osapita, mboni osabwera, mlandu n'kuthetsedwa chifukwa chosowa umboni. Kenako timati malamulo amakonda akuba. Vuto lina ndi lakuti odandaula sauzidwa n'komwe tsiku la mlandu, limenelo ndi la boma ndipo ndi loyenera kulikalipira. Koma mankhwala ake si kulola kuti aliyense wogwidwa aziolera m'chitokosi. Tsiku lina wogwidwayo adzakhala mwana wanu, atanamiziridwa ndi munthu amene mukulimbirana naye malire a munda. Mlandu wa mbuzi zanu unatha bwanji?

Bambo Phiri a ku Khombedza

Sunathe, akuti ulipo mwezi wamawa. Anauimitsa kawiri, ulendo wina majisitireti kulibe, wina fayilo sikuoneka, ndipo thiransipoti yopita kukhothi imatuluka m'thumba mwanga, ya mboni zanga zomwe. Ndinali nditaganiza zosiya. Ndipitako, koma ndikapeza auimitsanso ndidzabwera pompano kuti mundiuze gawo limene limanena za ine wobedwa, chifukwa mpaka pano mwanditchulira a womangidwa okhaokha.

Aphunzitsi Opuma, Nkhotakota

Lilipo, a Phiri. Gawo 28 limateteza katundu wanu, mbuzi zomwe, ndipo gawo 41 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika kukhothi ndi kulandira thandizo lenileni pa dandaulo lake. Mukapita, pemphani kalaliki wa khothi akulembereni nambala ya mlandu ndi deti lotsatira papepala, ndipo mufunse dzina la amene akuimira boma. Fayilo ikasowanso kachitatu, imeneyo ndi nkhani ya kwa Ombudsman.

Mayi Nachisale, za akazi ku Mbenji mwandigwira pakhosi. Gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi, pamene eni chilumba amati ndi mwambo wa mizimu ya pamalopo, ndipo gawo 26 limatetezanso chikhalidwe. Ine ndikuona kuti kutseka nyanja kuli ndi chifukwa chimene aliyense angachione ndi maso, koma choletsa akazi n'chovuta kuchiteteza ndi gawo 44. Kunena zimenezi pamaso pa a Makanjira ndiye mundiperekeze.